Dzina Lachisanu ndi Chiwiri

MUTU 9

1. Mlendo wodzera kuseri

Loweruka masana Idah January anakhala pakhonde la nyumba yawo ku Manja, pepala lili pabondo. Ankalemba mayina a odwala.

Imeneyi inali ntchito yake chisankhidwire kukhala mlembi wa achinyamata pampingo pawo. Amayi oyendera odwala ankamubweretsera mayina, iye n'kuwasanja papepala limodzi. Lamulungu ankaima kutsogolo n'kumawerenga limodzilimodzi, ndipo akatchula dzina mpingo wonse unkayankha kuti, "Ambuye muwakumbukire." Mapemphero akatha, pepalalo ankalisiya patebulo la a Stafford, mlembi wa mpingo wonse, kuti alisunge.

Idah anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Anali wamanyazi, woyenda m'mbali mwa njira, moti anzake ankamuseka kuti mawu ake amamveka kamodzi pasabata, papepala la odwala basi. Koma m'kalasi sankagonja. Mayeso a Folomu 4 anakhoza bwino, ndipo chaka chimenecho cha 1976 sukulu ya anamwino inali itamuitana. Chotsala chinali chimodzi chokha: kalata ya umboni yochokera kumpingo. A Stafford anali atamuuza kuti akaitenge Lolemba m'mawa ku ofesi yawo ku Limbe.

Anali atalemba mayina asanu ndi limodzi pamene anamva mawu apansipansi kuseri kwa nyumba.

"Odi."

Idah atasuzumira anaona Mayi Esnat ataima pafupi ndi thandala la mbale, atafunda chitenje mpaka kumutu ngakhale kunali dzuwa.

"Amayi! Fikani kuno, ndikupatseni mpando."

"Usaimirire, mwana wanga. Anthu angaone kuti walandira mlendo. Bwera iweyo kuseri kuno ngati ukudzatsuka mbale."

Mayi Esnat anali mkazi wa a Mathias. A Mathias ankagwira ntchito kumalo ena osindikizira mabuku ku Limbe, kukonza zolakwika mabuku asanatuluke, ndipo ndiwo ankaphunzitsa achinyamata Baibulo pampingopo. Chaka chathacho, mwezi wa Malichi, anthu atatu anafika kuntchito kwawo dzuwa lili paliwombo n'kuwakweza galimoto. Sikunamveke mlandu, sikunaimbidwe bwalo. Ena ankanong'ona kuti n'chifukwa cha makalata ochokera kunja, ena ankati n'chifukwa cha ulaliki. Wodziwa zenizeni panalibe.

Kuyambira tsiku limenelo dzina lawo linafa pakamwa pa anthu. M'buku la kwaya wina analidula ndi lezala, n'kusiya kabowo kaudongo pakati pa mayina ena.

"Ndamva uthenga," anatero Mayi Esnat. "Dzana kumsika kunabwera bambo wina wowonda, wometa mpala. Anagula matimati anga osatsitsa mtengo, ndipo powerama ananong'ona kuti, 'Ali moyo, koma miyendo yatupa. Sakuyenda.' Ndisanafunse kanthu anali atalowa m'gulu la anthu."

Idah anagwira pakamwa.

"Lolemba ndikukwera sitima, ndikubwerera ku Nsanje. Mwini nyumba akuti watopa ndi mafunso. Ndiye ndisanapite ndabwera ndi pempho limodzi." Mayiwo analoza pepala lija. "Limenelo ndi pepala la odwala, si choncho?"

"Eya, Amayi."

"Nawonso ndi odwala. Sindikuti ukanene kumene ali, kapena amene anawatenga. Dzina lokha. Mathias. Anthu ayankhe monga ayankhira kwa aliyense."

"Koma a Stafford..."

"Ndinayambira komweko. Anandiyankhira pawindo. Akuti mayina a odwala si ntchito yawo, amalemba ndi Idah." Mayi Esnat anakonza chitenje chawo. "Sindikukukakamiza. Mawa ndidzakhala pabenchi lakumbuyo."

Anachoka mmene anabwerera, kudzera m'kanjira ka kuchimbudzi.

2. Zilembo zitatu

Mwambo woyankha mayinawo anauyambitsa ndi a Mathias omwewo, ndipo Idah ankakumbukira tsiku limene unayambira.

Linali Lachitatu lina, zaka zitatu m'mbuyomo. Achinyamata anakhala pamphasa pakhonde la a Mathias, iwo atatsamiritsa bolodi pakhoma. A Mathias anaphunzira Chihebri ali mnyamata kwa m'busa wina wachizungu amene ankamunyamulira mabuku, ndipo ku Manja konse panalibe wina wodziwa zilembo zimenezo. Tsikulo anajambula zilembo zitatu, kuyambira kudzanja lamanja kupita kumanzere monga alembera anzathu achisilamu.

"Zayin, kaf, resh. Nenani: zakar."

"Zakara!" anayankha onse pamodzi.

"Aa, mchirawo mwautenga kuti? Dulani. Zakar."

Winnie, mnzake wa Idah, amene pakamwa pake sipankatsekeka, anakweza dzanja. "Aphunzitsi, ndiye kuti Zakariya wogulitsa makala uja ndi Mhebri?"

"Wanena zoona osadziwa," anatero a Mathias. "Dzina lakelo lachokera pomwepa. Likutanthauza kuti Ambuye wakumbukira."

"Nanga bwanji iye amaiwala kusamba?"

Anaseka onse, a Mathias mpaka kuvula magalasi. Kenaka anagogoda bolodi ndi choko, n'kuyamba kulankhula mwa kachitidwe kawo, pang'onopang'ono ngati munthu wosankha mpunga.

"Mawu a Chihebri ali ngati chinangwa. Pamwamba nthambi zambiri, koma mukakumba mupeza tsinde limodzi, ndipo tsindelo kawirikawiri limakhala la zilembo zitatu. Ife tikafuna kusintha mneni timasokerera kumapeto: kumbuka, kumbutsa, kumbukiridwa. Ahebri amasokerera kutsogolo ndi m'kati. Zakar, anakumbuka. Nizkar, anakumbukiridwa. Hizkir, anakumbutsa, kapena titi anatchula dzina la munthu pamaso pa wina. Tsinde ndi lomwelo.

"Koma chimene ndikufuna mupite nacho kwanu ndi ichi. Kwa ife kukumbuka ndi kukhala pansi, dzanja patsaya, n'kumati kalanga ine. Kwa iwo kukumbuka kuli ndi miyendo. Mulungu atakumbukira Nowa sanangopukusa mutu kumwambako kuti, ogo, munthu uja akadali pamadzi. Anatuma mphepo, madzi n'kuphwa. Atakumbukira Rakele, m'nyumba munalira khanda. Mukaona zilembo zitatuzi zikunena za Mulungu, werengani mzere wotsatira, mupeza chinthu chachitika.

"Tsono taonani Yosefe ali m'ndende. Mnzake wopereka chikho kwa mfumu ali pafupi kutuluka, ndipo Yosefe akumupempha zinthu ziwiri. Choyamba, andikumbukire. Ameneyo ndi zakar. Chachiwiri, akamutchule kwa Farao. Ameneyo ndi hizkir. Munthu uja anatuluka, anasamba, anavala zoyera, anabwerera pantchito yake. Ine ndikuganiza kuti nthawi zina ankamuganizira Yosefe, n'kumati, mnyamata wabwino uja. Koma pakamwa sanatsegule. Ndipo Buku silimupatsa ulemu uliwonse chifukwa cha maganizo akewo. Limati anaiwala. Zaka ziwiri zathunthu, ana inu, munthu akudyedwa ndi nsabwe m'ndende chifukwa mnzake ankamukumbukira mumtima."

Lamulungu lotsatira a Mathias anapempha akulu a mpingo kuti odwala azitchulidwa mayina, m'malo mongoti "onse amene ali m'zipatala." Ndipo Idah atasankhidwa kukhala mlembi, a Mathias anamugwira dzanja n'kumuuza kuti, "M'nyumba ya mfumu Davide munali munthu wotchedwa mazkir, wokumbutsa. Tsinde lomwe lija. Ntchito yake inali yoti mfumu isaiwale anthu. Lero iweyo ndiwe mazkir wathu."

Ndi a Mathias omwewo amene ankakhala naye madzulo aliwonse mayeso atayandikira, kumubwereza masamu ndi sayansi mpaka zitalowa. Kalata yoitanidwa kusukulu ya anamwino inafika iwo atatengedwa kale.

3. Mawu a a Bonface

Bambo ake a Idah, a Bonface January, anali wophika m'nyumba ya bwana wina ku Namiwawa. Loweruka ankaweruka msanga. Tsikulo anafika dzuwa likupendeka, n'kuyamba kusita yunifolomu yawo yoyera ndi simbi ya makala.

Idah anaima pakhomo nthawi yaitali, akukanda khoma ndi chala.

"Ukufuna chiyani, namwino wanga? Wabwera kudzandibaya jakisoni?"

"Ababa, kunabwera Mayi Esnat."

Simbi inaima.

"Anadzera kuti?"

"Kuseri."

"Anakuona nawo ndani?"

"Palibe. Akuti aphunzitsi akudwala. Akupempha kuti mawa ndikatchule dzina lawo pamodzi ndi odwala ena. Dzina lokha basi."

"Nkhabe! Ayi!"

A Bonface akalowetsa Chisena m'nyumba ndiye kuti mantha afika pakhosi. Anaika simbi pamwala, anatseka chitseko, n'kuloza pansi kuti Idah akhale.

"Tamvera, mwana wanga, ndipo umve ndi makutu onse awiri. Ine ndaphika ku Namiwawa zaka khumi ndi zinayi. Alendo akamadya samuona wophika, amangoona mbale. Ndamvapo dzina la munthu likutchulidwa pakati pa supu ndi nyama, anthu akuseka, ndipo sabata isanathe munthuyo kulibe. Ukuti dzina lokha? Masiku ano chimene chimapha ndi dzina lokhalo.

"Munthu ukunenayo ndi wabwino. Sindikukana. Anakuphunzitsa ngati mwana wake, ndipo ine ndikadzakumana naye kumwamba ndidzagwada. Koma ukatchula dzina lake mawa, kodi miyendo yake iphwa? Kodi chitseko cha ndende chitseguka? Iye akhalabe komweko, ndipo iwe udzakhala utawonjezera anthu olira.

"Taganiza za ife. Agogo ako anawoloka kuchokera ku Mutarara kuthawa chibalo cha Apwitikizi, atasenza mphasa imodzi. Dzina lathuli, January, limanena lokha kumene tinachokera. Ena akalakwa amawafunsa kuti walakwiranji. Ife tikalakwa amatifunsa kuti kwanu n'kuti. N'chifukwa chake ine khadi ya chipani ndimagula tsiku loyamba, yanga, ya amayi ako, yako, ngakhale ya mlongo wako Paston ndinagula akadali kumsana. Kumisonkhano ndimaomba m'manja mpaka zikhato kuwawa. Ukuyesa ndimakonda? Ndimagula mtendere wa nyumba ino.

"Anyamata awiri aja amene ayamba kukhala pafupi ndi chitseko cha tchalitchi, unawaonapo ali ndi buku la nyimbo? Sabwera kudzaimba amene aja.

"Nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Iwe ukatsegula pakamwa mphindi imodzi, Lolemba kalata yako kulibe. Lachiwiri bwana wanga andiuza kuti ndibweze yunifolomu iyi. Lachitatu mwini nyumba ino adzayamba kutopa ndi mafunso. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. M'banja lathu lonse, kuyambira kutsidya mpaka kuno, palibe anafika pamene wafika iwepa. Watsala ndi masiku awiri. Meza malovu, uwerenge mayina amene wapatsidwa, ukatenge kalata yako. Ukadzakhala namwino udzachiza anthu mazanamazana. Kumeneko ndiye kumuthokoza munthuyo."

M'mawu onsewo a Bonface sanatchule dzina la a Mathias ngakhale kamodzi.

"Wandimva?"

"Ndamva, Ababa."

"Takhuta," anathokoza m'Chisena. Anatsegula chitseko n'kuyambanso kusita, koma makala anali atazilala, ndipo simbi inkangoyenda pansalu osawongola kanthu.

4. Mzere wachisanu ndi chiwiri

Lamulungu m'mawa Idah anatenga pepala lija. Pansi pa dzina lachisanu ndi chimodzi cholembera chinaima nthawi yaitali.

Sanalembe "Mathias." Sanasiyenso mzerewo wopanda kanthu. Analemba zilembo zinayi za Chihebri, kuyambira kumanja, monga mmene a Mathias ankalembera dzina lawo pachikuto cha mabuku awo. Anaganiza kuti wina akasuzumira papepalapo sadziwa kanthu, ndipo iye akaima kutsogolo akaona mmene mtima ukamuuzire. Pansi pake anawonjezera dzina la mwana wina wodwala chikuku, limene amayi oyendera odwala anabweretsa mochedwa. Onse pamodzi anakhala asanu ndi atatu.

M'tchalitchi anakhala pafupi ndi Winnie monga mwa nthawi zonse. Winnie anatsomphola pepalalo mwamasewera.

"Tione amene akufa sabata ino. Iii, nanga apa? Nkhuku yapondapo?"

"Bweretsa. Inki inatayikira."

"Inki yotayika mwaulemu chonchi, anamwino?"

Winnie anayang'ananso kachiwiri, ndipo kuseka kunaumira pamilomo. Nayenso anakhalapo pamphasa ija. Anabweza pepalalo, anatenga buku lake la nyimbo n'kukakhala pabenchi lina.

Nyimbo zinaimbidwa, ulaliki unatha. M'busa anati, "Tsopano timve abale athu odwala."

Idah anaima kutsogolo. Kudzanja lake lamanja kunali a Stafford patebulo lawo, atavala suti yakuda, zolembera zitatu zili m'thumba la pachifuwa. Pafupi ndi chitseko panali anyamata awiri aja, manja ali m'matumba. Bambo ake anali pakati pa azibambo, maso ali pansi. Ndipo kumbuyo kwenikweni kunali Mayi Esnat, okha pabenchi la anthu asanu ndi atatu.

"Mayi Sellina Fole, ali kuchipatala."

"Ambuye muwakumbukire."

"Bambo Aleck Thom, chifuwa."

"Ambuye muwakumbukire."

Mayina anayenda. Lachitatu, lachinayi, lachisanu. Pofika lachisanu ndi chimodzi anali atagwira pepala ndi manja awiri.

"Ambuye muwakumbukire."

Kenaka chala chake chinafika pa zilembo zinayi zija.

Idah anakoka mpweya. Anaona Mayi Esnat akudzutsa mutu. Anaona mmodzi wa anyamata aja akutulutsa dzanja m'thumba kuti akande khutu. Anatsegula pakamwa, milomo inayenda, lilime linagunda mano, koma mawu anakanirira pakhosi. Dzinalo analitchula lonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, popanda ngakhale kamphepo kotuluka.

Pabenchi lakutsogolo pankakhala Mayi Constance, nkhalamba imene makutu ake anatseka kalekale. Iwo sankamva mayina. Ankangoyang'ana milomo ya wowerenga, ndipo ikatsekeka ankayankha. Ataona milomo ya Idah yayenda n'kutsekeka, anakweza mawu awo aakulu a munthu wosadzimva.

"Ambuye muwakumbukire!"

Anayankha okha. Mawuwo anagunda malata n'kubwerera. Ana ena anaseka, amayi awo n'kuwatsina. A Stafford anadzutsa mutu pang'onopang'ono.

Idah anathamangira dzina lomaliza, la mwana wachikuku uja, ndipo mpingo unayankha mofulumira ngati anthu othawa mvula. Kenaka manja ake anachita zimene anazolowera. Anaika pepala patebulo la a Stafford, iye n'kubwerera pamalo pake.

5. Pansi pa bulugama

Anthu atatuluka, Idah anazungulira kuseri kwa tchalitchi. Anapeza Mayi Esnat pansi pa mtengo wa bulugama, akumanga ndalama yachopereka imene analibe woti ampatse pansonga ya chitenje, chifukwa mbale sinafike pabenchi lawo.

"Amayi, ndinalemba. Mzere wachisanu ndi chiwiri unali wawo. Ndawatchula."

"Ndinaona. Milomo inayenda."

"Ndawatchula mumtima. Mulungu amamva za mumtima."

"Amamva." Mayi Esnat anamangitsa mfundo ija ndi mano. "Koma za mumtimazo, mwana wanga, ndakhala ndikuchita ndekha chaka ndi miyezi iwiri. Pophika, pochapa, pogulitsa matimati. Pa zimenezo sindinasowe wondithandiza. Chimene ndinkafuna n'choti makutu angawa amve dzina la mwamuna wanga likutuluka pakamwa pa munthu wina, kamodzi kokha, ndisanakwere sitima. Ndimafuna ndikadzawaona ndidzawauze kuti mpingo wanu unakuyankhirani."

Idah anayang'ana zala za kumapazi ake.

"M'tchalitchi monse muja," anatero mayiwo, "amene wamva ndi wogontha."

"Pepani, Amayi. Ababa anati..."

"Usawanene bambo ako. Anena zimene bambo aliyense akananena. Ndiponso sindikukutemberera. Ndiwe mwana, ndipo katundu amene akuluakulu a masuti anamukana ndinabwera kudzakusenzetsa iwe. Kulakwa kumeneko n'kwanga. Pita ukatenge kalata yako, ukavale zoyera. Koma ndikuuze chimene aphunzitsi ako ankanena tikakhala awiri. Ankati wopereka chikho uja sanali munthu woipa ayi. Sanabe, sananame, sanamenye munthu. Anali ndi ntchito yabwino basi, ndipo ankaopa kuitaya. Ankati anthu oipa ndi ochepa m'dziko, sangadzaze ndende okha. Ndende imadzaza chifukwa cha anthu abwino amene ali ndi kanthu kakuti ataye."

Anafunda chitenje kumutu.

"Ukadzakhala m'chipatala udzaona odwala ena opanda wowayendera. Nthawi yoona odwala ikakwana amatembenukira kukhoma kuti asaone anzawo akulandira mabasiketi. Ameneyo udzamufunse dzina lake. Udzalitchule mokweza. Tsala bwino, Idah."

Anatsika kanjira kopita kumsika, osacheuka.

Idah anaima pomwepo mpaka chitenje chija chitabisika kuseri kwa nyumba. Ndipamene anakumbukira pepala. Anathamangira m'tchalitchi. Munalibe munthu, ndipo patebulo la a Stafford panali poyera, popukutidwa bwino.

6. Ku Limbe

Lolemba a Bonface anadzuka ndi nkhope yowala. Asanapite ku Namiwawa anapukuta okha nsapato za mwana wawo.

"Wachita zaukulu dzulo. Zinali zowawa, ndikudziwa, koma mankhwala sakoma. Lero ubwere ndi kalata, ine ndibwera ndi nyama."

Idah sanawauze za pepala.

Anakwera basi pa Chichiri, pamene amayi ovala nsalu zofanana ankalowa m'bwalo la masewera kukayeserera magule a chikondwerero. Ku Limbe anatsika n'kuyenda m'khonde la masitolo mpaka pamakwerero opita ku ofesi ya a Stafford, pamwamba pa sitolo ya nsalu. Chakumunsi, kusiteshoni, sitima yopita ku Nsanje inali itaima kale, anthu akukweza mitolo pamawindo.

Anagogoda.

"Lowa, Idah. Tseka chitseko."

A Stafford anakhala kuseri kwa tebulo. Patsogolo pawo panali kalata ya umboni, yotayipidwa bwino, dzina la Idah lili pamwamba m'zilembo zazikulu. Pansi pake, pamalo osainira, panali poyera.

M'chipindamo munalinso munthu wina. Anali bambo wa jekete lotuwa, atakhala pafupi ndi windo akusenda lalanje ndi chikhadabo. A Stafford sananene kuti ndi ndani, ndipo iye sanapereke moni.

"Kalata yako ndi iyi," anatero a Stafford. "Ndalembamo kuti ndiwe mtsikana womvera, wosalowerera nkhani za eni. Ndikufuna ndisaine ndi mtima woyera. Koma dzulo china chake chinandisokoneza. Ine sukulu sindinapite nayo patali ngati iwe, komabe kuwerenga ndimatha. Mayina ndinamva asanu ndi awiri. Mayankho ndinamva asanu ndi atatu."

"Mayi Constance samva, Bambo."

"Samva, koma amaona. Ndipo pazaka zonsezi sanayankhepo pachabe."

Anatsegula kabati n'kutulutsa pepala la odwala. Analiyala pambali pa kalata ija, n'kulisalaza ndi chikhato. Mzere wachisanu ndi chiwiri unali utazunguliridwa ndi inki yofiira.

"Ukanalemba mayina asanu ndi awiri okha, bwenzi pano uli pabasi ndi kalata yako. Ukanalitchula dzulo, bwenzi tikudziwa kuti mwana wapsa mtima, tim'langize. Koma iwe walemba mobisa, m'zilembo zimene ku Manja konse ankazidziwa munthu mmodzi. Mapanga awiri avumbwitsa, Idah. Tsopano anthu akufunsa kuti zilembo zoterezi zikuyenda m'mapepala angati, ndipo zikupita kwa yani. Pepalali linapezeka patebulo langa. Nanenso ndili ndi ana."

Kusiteshoni sitima inalira kawiri, ndipo mawindo a ofesiyo ananjenjemera pang'ono pamene inkanyamuka.

Bambo wa jekete uja anaika makoko a lalanje pawindo, anapukuta zala pa thalauza, n'kulankhula koyamba. Mawu ake anali ofatsa ngati a dokotala.

"Ndiwe mwana wa a Bonface January, ophika ku Namiwawa?"

"Eya, Bambo."

"January. Kwanu kwenikweni n'kuti?"

Bamboyo sanaoneke kuti akudikira yankho. Anakankhira pepala lija kwa iye ndi chala chimodzi, mpaka linafika m'mphepete mwa tebulo.

"Ife zilembo za aphunzitsi akozi sitinaphunzire. Tithandize. Akuti dzulo mawu anakuthera, ndiye lero usafulumire. Werenga mzere uwu, mokweza."

Idah anayang'ana zilembo zinayi zija. Dzulo dzinalo likanayankhidwa ndi anthu mazana awiri, ndipo mayi mmodzi akanakwera nalo sitima. Lero linali ndi omvera awiri okha, ndipo mmodzi anali atatsegula kale kabuku kake, cholembera chili m'manja.